Zimene Ama a ku Lawrence Anasheya

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaphunzira kuti munthu akhoza kuvala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koma pakamwa pake n'kukhala ngati ngalande ya pamsika nthawi ya dzinja. Papita zaka zambiri, ndakula, ndakwatiwa, koma mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a olivi pakhungu la munthu ndimachita nseru.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku South Bend, patatha zaka ziwiri tichokere ku Zomba. Bambo anga ankaphunzira mbiri ya mpingo woyamba pa yunivesite ina mumzindamo, ndipo amayi ankagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba. Mwana ndinalipo ndekha. Kusukulu ndinali mtsikana wa ku Africa uja woyankhula Chingerezi chachilendo, amene aphunzitsi ankaluma lilime akafika pa dzina lake. Dzina langa ndine Tiyamike.

Vuto langa linali lakuti chifikireni ku Amereka ndinayamba kukodza pogona. Ku Zomba sindinkatero, ngakhale ndili kamwana. Kuno zinkangochitika, osati tsiku lililonse, koma kawirikawiri moti ndinkachita kuopa tulo. Ndinkadzuka m'mamawa amayi asanaweruke, n'kuchapa nsalu za pabedi m'bafa ndi sopo wosambira, kuzifinya mpaka manja kuwawa, kenako n'kuziyanika pa chitsulo chotenthetsera m'chipinda changa, chitseko nditatseka. Pansi pa nsaluzo ndinkayala thumba lakuda la pulasitiki lotayiramo zinyalala. Amayi ankafika atatopa, maso ali psuu, n'kungogwera pabedi. Bambo ankadziwa zonse zimene zinkachitika ku Igupto zaka mazanamazana zapitazo, koma za m'chipinda choyandikana ndi chawo sankazidziwa. Sindinauze munthu aliyense. Mtsikana woti pachifuwa payamba kale kuoneka, n'kumakodza ngati khanda, ndikanayambira pati?

Kamodzi pamwezi Amalawi tinkasonkhana ku Indianapolis kukapemphera limodzi. Tinkanyamuka m'mawa, kudutsa minda ya chimanga yopanda munthu ngakhale mmodzi wogwira khasu, n'kuima kaye kumasitolo a ku Lafayette Road kuti amayi agule ufa ndi nsomba zouma. Tikatero tinkalunjika ku Lawrence, kunyumba ya Mayi Nachuma, mayi wamasiye amene anali ndi nyumba yaikulu kuposa tonse. Mapemphero ankachitikira m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, mmene munkamveka fungo la kalapeti wonyowa, mandasi ndi majekete a anthu ambiri.

Ine ndinkaukonda ulendo umenewu chifukwa cha ana anzanga. M'besimenti muja sindinali mtsikana wa ku Africa, ndinali Tiya basi. Ambiri mwa anawo anabadwira konkuno. Akafunsidwa m'Chichewa ankayankha m'Chingerezi, ndiye makolo anagamula okha kuti ana samva Chichewa. Ife tinkamva zonse. Tinkadziwa amene ukwati wawo ukugwedezeka, amene mapepala awo okhalira m'dziko muno atha, amene amamwa mobisa n'kumatafuna chingamu asanalowe m'mapemphero. Tinkangokhala chete chifukwa kusamvako kunali ndi phindu lake. Anzanga enieni m'dziko lonse la Amereka anali amenewa.

Tsiku lina bambo anapemphedwa kuti agawireko gulu zimene amaphunzira. Anasankha nkhani imene ankaikonda kwambiri, ya amayi oyera a mpingo woyamba. Anafotokoza kuti kalelo kunali amayi amene anasiya mizinda ndi chuma n'kukakhala kuchipululu cha Igupto, m'timanyumba ting'onoting'ono, kupemphera ndi kusala kudya. Munthu wosweka mtima, ngakhale mwamuna, ankayenda ulendo wautali padzuwa kukawapeza, n'kuwapempha mawu oti amuthandize. Iwo ankamvetsera nthawi yaitali, n'kuyankha mwachidule, munthuyo n'kubwerera kwawo atapepukidwa. Bambo atanena kuti amayiwo ankatchedwa amma, kutanthauza mayi, azimayi anaseka, amvekere chimenecho ndi chiyankhulo chakwathu chomwe, Aigupto anangobwereka. Ine ndinamvetsera pakamwa pali yasaa. Ndinkaganiza za munthu amene ungamuuze chinthu chonyansa, iye osakwinya mphuno.

Mwezi wotsatira tinapeza Mayi Nachuma atavala duku loyera, diresi loyera ndi nsapato za tenesi zoyera. Anati anauzidwa m'maloto kuti Amalawi a ku Indiana akusowa amma, ndipo ntchitoyo yagwera iwo. Kuyambira tsiku limenelo aliyense anayamba kuwatchula kuti Ama. Chipululu chawo chinali kachipinda kochapiramo zovala, pakona ya besimenti. Anapachikamo katani loyera, n'kuikamo mipando iwiri ndi botolo la mafuta a olivi ogula kusitolo. Anthu anayamba kukhala pamzere kudikira mawu. Bambo anga zinawasangalatsa kwambiri. Mphunzitsi aliyense amakondwa akaona mbewu yake yamera, safulumira kuyang'ana ngati chameracho ndi chimanga kapena udzu.

Pamwambo wathu mayi salanga mwana wake. Mtsikana akayandikira kukula amapita naye kwa azakhali ake kapena kwa alangizi a mumpingo. Azakhali anga onse anali ku Malawi, ndiye Loweruka lina tili m'galimoto amayi anatembenuka n'kundiuza kuti tsikulo ndikakhale pansi ndi Ama, ndikamvere malangizo, ndipo ngati pali chondivuta ndikawauze osabisa. Ndinaona ngati Mulungu wandimva.

Nditalowa kuseri kwa katani lija ndinawapeza akudya. Anali ndi mbale ya pepala pamiyendo, akumalizira mwendo wa nkhuku. Anandiuza kuti ndigwade pa simenti. Makina ochapira anali akuzungulira kumbuyo kwawo, ndipo m'kachipindamo munali fungo la sopo, nkhuku ndi perefyumu wamphamvu. Anandilanga za masiku onse zija, zakuti ndizilemekeza akulu, ndisamavale zothina, anyamata ndi njoka. Atatha anayamwa fupa n'kundifunsa ngati pali china chimene chikundilemera. Ndinawafunsa ngati sakauza munthu.

"Mwanawe, cholowa m'khutu langa sichitulukira pakamwa," anatero.

Ndinawauza. Ndinayamba m'Chingerezi chifukwa m'Chichewa mawuwo ankandiwotcha pakamwa, koma anandiuza kuti ndiyankhule zomveka, ndiye ndinawatchula momwe alili. Ndinalira mpaka mamina. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti maso awo awala ngati a mwana amene wapatsidwa switi. Anandifunsa kuti zimachitika kangati, nanga amayi anga akudziwa. Atamva kuti sakudziwa anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kufunsanso ngati makolo anga amagona chipinda chimodzi, ngati amakangana, ngati bambo amabwera mochedwa. Mafunso amenewo anandidabwitsa, koma ndinaganiza kuti mwina amma a kuchipululu ankafunsanso choncho. Pomaliza anathira mafuta a olivi m'dzanja lomwe lija linagwira nkhuku, osalipukuta n'komwe, n'kundipaka pamphumi mpaka m'tsitsi.

Kunena zoona, ndinatuluka nditapepukidwa. Ndinakwera masitepe ndikudumphadumpha, n'kukasewera ndi anzanga panja pa chipale chofewa. Chimenechi ndi chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndikakumbuka, chifukwa ndinawakhulupirira ndi mtima wonse.

Masana anatiitana tonse kuti tikapemphere tisanadye. Akuluakulu anakhala pamipando mozungulira, ana tinakhala pakalapeti pakati. Tinaimba, wina anawerenga mawu, kenako inafika nthawi ya zopempherera. Pagulu lathu panali mawu amene anthu ankawakonda kwambiri, akuti kusheya. Munthu sankanena miseche, ankasheya. Ukamva wina akuti ndingosheya pang'ono kuti tipemphere, unkadziwa kuti wina wake wavulidwa. Ama anaimirira, n'kukonza duku lawo.

"Abale, pali kanthu ndikufuna ndisheye. Mutu umodzi susenza denga. Ndiyankhula Chichewa chenicheni kuti ana awa asamve, ndipo dzina sinditchula."

Anati pakati pathu pali mwana wamkazi, wamkulu ndithu, amene mdierekezi wamumanga ndi mzimu wa madzi. Anati amakodza pogona ngati khanda, amachapa nsalu mobisa, amagonera thumba la zinyalala, ndipo mayi ake omubala sadziwa kanthu chifukwa ndalama za usiku zawatseka maso. Chilichonse chimene ndinawauza ndikulira anachibwereza, n'kuthirako mchere. Atatha anayenda pang'onopang'ono pakati pa ana, n'kuika dzanja lawo pamutu panga. Dzina sanatchuledi.

Sindinathe kuthawa chifukwa dzanjalo linali lolemera. Ndinkamva mafuta akutsikira kuseri kwa khutu. Azimayi anayamba kubuula, Ambuye chitirani chifundo, Ambuye masulani. Mayi wina ananong'oneza mnzake, mokweza ndithu, kuti kumudzi mwana wotere ankangomumangirira chule m'chiuno, basi nkhani yatha. Wina anaseka n'kusandutsa kusekako chifuwa. Anthu anapemphera mofuula, malovu akundigwera pakhosi, aliyense akutchula mkodzo wanga pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anzanga. Nditasuzumira ndinaona amayi anga atakhala chowongoka, maso ali tong'o, osapemphera. Bambo anali ataweramitsa mutu, ndipo pemphero litatha ndinawamva akuti ameni pamodzi ndi onse.

Ana anzanga sanatseke maso ngakhale mmodzi. Anamva liwu lililonse. Nthawi ya chakudya itakwana, mtsikana amene ndinkakhala naye nthawi zonse anasuntha mbale yake n'kukakhala pamasitepe. Panali mnyamata wina dzina lake Yamikani, wobadwira ku Indianapolis, amene chibadwire sanayankhulepo Chichewa kupatula zikomo. Tili pamzere wa mpunga ananditembenukira n'kunena momveka bwino, ngati mwana wa ku Dedza, kuti, "Namikodzo, patse supuni." Ana onse anagwa nako kuseka. Mayi ake anali pafupi, akugawa nyemba. Ndinayembekeza kuti amukoka khutu. Iwo anaika chipande pansi, n'kuwomba m'manja, n'kuitana anzawo kuti abwere adzamve, mwana wawo wayamba kuyankhula Chichewa.

Ndinathamangira kuchimbudzi n'kusanza, ngakhale ndinali ndisanadye kanthu. Ndinayesa kutsuka mafuta aja ndi sopo wa m'manja koma anangofalikira. Amayi anagogoda, atanyamula kale jekete langa, ndipo tinatuluka osatsanzika munthu.

Tinakwera galimoto n'kutuluka mumzinda. Kenako bambo anakonza pakhosi n'kuyamba kunena kuti cholinga cha Ama chinali chabwino, kungoti njira yake ndiyo inalakwika, ndipo amma enieni a kalelo sakanachita zotero. Amayi anawayankha osawayang'ana kuti ngati ankadziwa zimenezo akanaimirira pomwe paja n'kunena, osati kudikira kuuza chiwongolero. Titafika pamalo ena othirira mafuta amayi anatsika kutsogolo n'kudzakhala kumbuyo ndi ine. Anatulutsa chitenje m'chikwama n'kuyamba kundipukuta pamutu, mwamphamvu ndithu mpaka kuwawa. Anandifunsa chifukwa chake sindinawauze iwowo. Ndinayankha kuti iwo omwe ndiwo anandituma kwa Ama, ndipo Ama ndi oyera.

"Ine sindine woyera," anatero amayi. "Koma ndinakuchapira matewera, ndipo sindinaitanepo msonkhano."

Sabata yomweyo anapempha tchuti kuntchito n'kupita nane kwa dokotala. Anapeza kuti ndinali ndi kamatenda ka m'chikhodzodzo kamene kanakhalitsa, kuphatikizapo mantha a mwana amene wasamutsidwa mwadzidzidzi. Anandipatsa mankhwala, amayi anasintha n'kuyamba kugwira ntchito masana, ndipo chilimwe chisanafike vutolo linali litatha. Mzimu wa madzi uja unathawa timapiritsi.

Dzina lija la Namikodzo ndilo silinathe. Tinasiya kupita kumapemphero a ku Lawrence, koma Amalawi kuno ndife ochepa, ndipo maliro ndi maukwati zimatikumanitsa tifune tisafune. Kulikonse kumene ndinkalowa ndinkamva kanong'onong'o, wina n'kugwira mphuno. Ndinasiya kusewera ndi ana aja. Kwa zaka zingapo ndinasiyanso kuyankhula Chichewa pagulu. Munthu akandipatsa moni ndinkangomuyang'ana ngati sindikumva, chifukwa chiyankhulo chimene ananditukwanira nacho sindinkafuna chikhale pakamwa panga. Chinabwerera pang'onopang'ono, kudzera kukhitchini kwa amayi, amene anangoganiza zoswa mwambo n'kumandilanga okha. Ankachita manyazi, ankayang'ana m'poto akamanena zina, koma ankanena. Ama nawo mzere wawo sunachepe. Anthu omwe aja anamva zanga ankalowabe kuseri kwa katani, aliyense akuganiza kuti zake zokha ndizo zidzasungidwa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, koma anthu ankatolabe.

Nditatsala pang'ono kukwatiwa azimayi anandikonzera phwando la malangizo mu holo ina ku Beech Grove. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Lilongwe, ndipo anakhala kutsogolo pambali panga. Ama sitinawaitane, koma anafika, atakalamba, akuyendera ndodo, zovala zili mbee ngati kale. Pakati pa mwambo anapempha maikolofoni, ndipo woyendetsa mwambo anaopa kukaniza munthu wa Mulungu. Anayamba ndi kunena kuti ambiri m'holomo sakudziwa kumene Mulungu anamuchotsa mkwatibwi ameneyu, ndipo iwo akufuna asheye umboni wa mmene anamumasulira ali mwana. Ndinali mayi wa digiri, wa ntchito yanga, koma ndinangoti kakasi ngati kamtsikana kogwada pa simenti.

Amayi anga sadziwa kuimba. Kutchalitchi amangoyendetsa milomo kuti asasokoneze anzawo. Tsiku limenelo anaimirira n'kuyambitsa nyimbo ya chikwati ndi mawu awo osasa, mokweza, akuwomba m'manja mosemphana ndi nyimboyo. Kwathu munthu akatalikitsa zoyankhula amadulidwa ndi nyimbo, ndipo aliyense amadziwa tanthauzo lake. Azimayi awiri atatu anayankha, kenako holo yonse. Amayi anavina mpaka kutsogolo, n'kutenga maikolofoni m'manja mwa Ama mwaulemu wonse, ndi manja awiri, atapinda maondo. Anawagwira pamkono n'kuwaperekeza mpaka pampando wakumbuyo, akuimbabe. Apongozi anga anandinong'oneza kuti amayi anga ndi munthu wansangala. Ndinavomera.

Bambo atapuma ntchito anandipatsa ena mwa mabuku awo, ndipo ndinawerenga ndekha za amayi a kuchipululu aja. Ndinkayembekeza kuti ndikwiya nawo, poti nkhani yawo ndi imene inandigwetsera m'dzenje. Koma ndinaona chinthu chimene bambo sanachinene tsiku lija m'besimenti, mwina poti sanachione kufunika. Mawu a amayiwo amene anatifika ndi ochepa kwambiri, ndipo za anthu amene ankapita kwa iwo atasenza manyazi awo sitidziwa pafupifupi chilichonse. Timamva yankho, koma wofunsayo kawirikawiri amangokhala munthu wina, wopanda dzina, wopanda mudzi. Zimene analira nazo zinathera komweko. Kale ndinkaganiza kuti mayi wolangiza amadziwika ndi nzeru zimene amanena. Tsopano ndimamuyeza ndi zimene anamva koma anthu sanazimve.

Ama anamwalira chaka chatha. Pamaliro pawo, ndikumva, anthu anachitira umboni kuti anali mayi wa onse, khutu la osowa kolirira. Ine sindinapiteko, ndipo sindinamizire kuti ndinatanganidwa. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amamva Chichewa chonse ngakhale amayankha m'Chingerezi. Azimayi ena ayamba kale kundifunsa kuti akadzakula ndidzamutumiza kwa ndani. Ndimawauza kuti ndidzaona, koma ndikudziwa kale kuti ndidzakhala naye pansi ndekha, manyazi ali pomwepo, chitseko nditatseka.